Yatsala Imodzi

Tsiku lomaliza kuwaona amoyo, bambo ake anali atawerama pa felemu ya windo, pensulo ili kukhutu, akukoka tepi kuchoka pa ngodya ina kukafika pa ngodya yopingasana nayo. Iye anaima pakhomo la shedi, chikwama chili kumsana. Sanalowe, poopa kuti utuchi umudetsera nsapato.

"Ndikupita, Ababa."

"Wanyamuka, Pulofesa?" Sanadzutse mutu. "Tagwira kaye tepiyi uko."

"Basi indisiya."

"Chabwino, thamanga." Anapanikiza tepi ija ndi chigongono n'kuwerenga okha.

Patapita milungu isanu, mlongo wake wamkulu, yemwe ndi namwino, anamuimbira foni masana. Iye anali pa kauntala ya kashopu kokonzera mafoni m'tauni ina, akumata galasi pa foni ya kasitomala.

"Ababa agwa mu shedi," anatero mlongo wakeyo. "Sitinafike nawo ngakhale pa geti la chipatala."

Anadula foni. Anamaliza kumata galasi lija, natulutsa timpweya tonse ndi chala mpaka m'mbali, napukuta ndi kansalu. Kasitomala anamuyamikira kuti ali ndi dzanja labwino.

Kunyumba aliyense ankadziwa kuti ali ku koleji, chaka chomaliza, akuphunzira masamu. Dzina loti Pulofesa linachokera pamenepo. Zoona zake zinali zoti anasiya, atalakwa mayeso kawiri, ndipo sanauze munthu.

Tsiku lachinayi maliro ataikidwa, anthu atatha kubalalika, anatsala anayi pabalaza: amayi ake, mlongo wake, iyeyo, ndi bambo ake aang'ono, dalaivala wa mathiraki amene sankatha kukhala pampando osagwedeza makiyi.

"Tisazungulire, alamu," anatero dalaivalayo. "Wowotcherera zitsulo wa pafupiyu akuifuna shedi ija, ndi makina omwe. Abwera mawa m'mawa, inu mungosaina. Kukanakhala mwana woti alowe m'malo mwa achimwene, bwenzi tikukamba zina. Koma uyu ndi wa digiri. Manja awa munawaona? Ngati a khanda."

"Sowo ingamudule asanaigwire n'komwe," anatero namwino, akuseka kuseka kotopa. "Amalize sukulu basi. Ndi zomwe Ababa ankafuna. Si choncho, Pulofesa?"

Iye anayang'ana pansi. Pa simenti panali mizere yomwe mipando yobwereka inasiya. Amayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali, manja ali pamiyendo.

"Ndi choncho," anayankha.

"Ndiye pita ukachotsemo zoti tisunge," anatero namwino. "Magalasi awo, wailesi, jekete la ntchito lija. Ine sindingalowemo. Ababa ndinawatola pansi mmenemo ndine."

Mu shedi munkanunkhabe guluu ndi matabwa aawisi. Chitseko chomwe bambo ake ankapala tsiku limene anagwa chinali chikadali pa tebulo, theka losalala, theka lokhakhala. Anatola magalasi, anazula wailesi pa soketi. Jekete linali litagwera kuseri kwa mapulayiwudi omwe anatsamira khoma lakumbuyo, ndiye anayamba kuwasuntha limodzilimodzi. Atachotsa lomaliza anangoti njo, manja ali m'malere.

Khoma lonse linali nambala.

Zinayambira m'mwamba momwe munthu wamfupi angafike ataima pa chitini, n'kutsika mpaka m'mawondo. Pensulo ya kalipentala, yonenepa, manambala opendekera. Penapake zofufutidwa ndi chala chamalovu. Anayandikira.

Mbali 5, chopingasa 7. Pambali pake: 50 ndi 49. Ndipo m'malembo akuluakulu: YATSALA IMODZI.

Mbali 12, chopingasa 17. 288 ndi 289. YAPITIRIRA NDI IMODZI.

Mbali 29, chopingasa 41. 1682 ndi 1681. YATSALANSO IMODZI.

Anakhala pa chitini cha penti. Anadziwa pomwe zinachokera.

Chinali tchuthi choyamba, atangoyamba koleji, mutu utadzaza. Onse ali pa tebulo lodyera, iye anati, "Ababa, mukudziwa kuti pali utali womwe tepi yanu singauyeze ndendende?" Anajambula sikweya pa pepala, mbali zonse zofanana, nadula mzere wopingasa. Anafotokoza kuti ukachulukitsa chopingasa ndi chokha, yankho liyenera kukhala kawiri ka mbali yochulukitsidwa ndi yokha. Anati palibe nambala ziwiri zathunthu zomwe zingagwirizane choncho, ngakhale mita utaidula tizidutswa tochepa bwanji.

Bambo ake anaseka mpaka kutsokomola. "Chinthu ndikuchiona ndi maso, ndikuchidula ndi sowo, iwe ukuti chilibe nambala?"

"Nambala chili nayo. Koma si ya mtundu womwe inu mumaudziwa. Ilipo mitundu yambiri: zathunthu, zazigawo, ndi izi zosatha."

"Tandiuza bwinobwino, pang'onopang'ono."

"Izi si za sitandade faifi, Ababa."

Palibe anaseka. Bambo ake anapinda pepala lija kanayi, naliika m'thumba la malaya, n'kufunsa ngati alipo wawaonera machesi. Nkhaniyo sinabwerenso.

Tsopano inali apa, khoma lonse. Poyamba ankangoyesa chisawawa, nambala iliyonse, zambiri zitakhwatchidwa. Kenako, chapakati pa khoma, zokhwatcha zinatha. Anali atapeza njira. Panali muvi kuchoka pa mzere wina kupita pa unzake, ndi mawu aang'ono: phatikiza mbali ndi chopingasa, upeza mbali yatsopano. 12 ndi 17, 29. 29 ndi 41, 70. Mzere wa pansi penipeni unali mbali 408, chopingasa 577, kuchulukitsa konse kutapangidwa pamanja, ndipo pamapeto pake: IMODZI YOMWEYO. KODI IMATHA?

Njira imeneyo iye anaiona koyamba pa bolodi chaka chachiwiri. Inabwera pa mayeso. Anailakwa.

"Iwe, wagona mmenemo?" Namwino anaima pakhomo, osaponda mkati. Kenako anaona khoma. Analowa osadziwa kuti walowa. "Mayo ine. Ichi n'chiyani? Ababa mutu unkayenda bwino koma?"

"Unkayenda bwino kuposa wanga."

"Zikutanthauza chiyani?"

"Ankafuna nambala ziwiri zoti zigwirizane. Sizingagwirizane. Ndinawauza ndine, ndiye ankafuna aone okha."

"Zaka zonsezi?"

"Zikuoneka choncho."

Dalaivala anafika akugwedeza makiyi, amayi ali pambuyo pake. Anaponya diso pakhoma n'kuimba kaluzu. "Achimwene analinso ndi nthawi, eti. Musadandaule, wowotcherera apaka laimu, tsiku limodzi lokha." Anamenya mnyamatayo paphewa. "Kapena ujambule pa foni, Pulofesa, ukawaonetse anzako ku koleji aseke."

"Sindili ku koleji."

Makiyi anasiya kulira.

"Ndinasiya mu Febuluwale chaka chatha, 2022. Ndinalakwa kawiri, anandichotsa. Ndimamata magalasi pa mafoni." Mawu ankatuluka ouma, ngati akuwerenga za munthu wina. "Digiri kulibe. Musagulitse shedi chifukwa cha ine."

Namwino anamutembenukira. "Ukunama."

"Lero ayi, asisi."

"Chaka ndi theka? Ine ndikuuza wodi yonse kuti mchimwene wanga akumaliza? Ndinagula kale nsalu yoti ndidzavale tsiku lako, iwe! Ili m'sutikesi!" Anamukankha pachifuwa ndi manja onse awiri. "Ababa afa akunyadira bodza! Afa osadziwa kuti mwana wawo ndi..."

"Ankadziwa," anatero amayi.

Onse anatembenuka. Amayi anali atatola chopalira pa tebulo, akuchotsa utuchi ndi chala.

"Anapitako ku sukulu kwakoko. Nambalazi anazikopera mu kope, navala suti ya pa ukwati wa mlongo wakoyu. Ankafuna mphunzitsi wako awauze chifukwa chake imodziyo siikutha. Ankati iwe ukamafotokoza umathamanga."

Mnyamatayo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Akuti mphunzitsiyo anayang'ana kope lija nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, 'Bambo, wakuphunzitsani ndani izi?' Anawakhazika pampando, anawapangira tiyi, anawafotokozera mpaka anamva. Bambo ako anasangalala ngati mwana. Ndiye potuluka anati, ndimuoneko mwana wanga, ndimuuze kuti ankanena zoona. Ku ofesi anayang'ana pa kompyuta. Anati dzina limeneli linachotsedwa."

Panja galimoto inadutsa. Namwino anakhala pansi, pa utuchi pomwepo, yunifolomu osaiganizira.

"Bwanji sanandifunse?" Mawu a mnyamatayo anatuluka ang'ono. "Ndabwera kuno kangati, Amayi? Bwanji sanandikalipire?"

"Inenso ndinawafunsa. Anati, 'Ndikamufunsa anama, ndiye ndikhala ndamunamitsa ndine. Msiyeni, adzanena yekha.'"

"Nanga inu, alamu?" anatero dalaivala. "Mwandisiya ndikupanga manyazi ndi wowotcherera, inu mukudziwa?"

"Ndimadikira atsegule pakamwa." Amayi anabweza chopalira pamalo pake. "Akanakhala chete mpaka mawa, ndikanasaina. Shedi sindikanaisungira munthu wabodza."

Dalaivala anakanda m'mutu. Anayang'ana mnyamatayo kuyambira ku nsapato. "Ndiye ukuti tiisiye. Sowo umaidziwa iwe?"

"Pang'ono. Ndili mwana ankandipatsa zodula."

"Pang'ono sadyera, mwana wanga."

"Ndiphunzira. Chitseko ichi chili ndi mwiniwake, akuchidikira. Ndiyambira pamenepa."

"Tebulo limenelo likufupikira," anatero amayi. "Bambo ako anali wamfupi, msana uthyoka. Tachotsa lona ilo."

Pakona, kuseri kwa makina, panali chinthu chachikulu chofunditsidwa lona, pamwamba pake atasanjikapo zitini zopanda kanthu. Anatsitsa zitinizo, nakoka lona. Fumbi linabuka.

Linali tebulo logwirira ntchito, latsopano, la matabwa olimba, lopanda chipsera cha sowo ngakhale chimodzi. Ataima pafupi nalo, m'mphepete mwake munamufika m'chiuno ndendende. Anaikapo manja. Zigongono sizinapindike mopitirira, msana sunawerame.

"Atabwerako ku koleji sanadye," anatero amayi. "Anangovula suti n'kulowa muno. Anandifunsa kuti buluku lako lomwe linatsala lili kuti, ayezere."

Namwino anabisa nkhope m'manja. Dalaivala anaika makiyi m'thumba, natuluka mwakachetechete kukaimba foni.

Chilichonse chomwe bambo ake ankapanga, mpando, kabati, ngakhale kabokosi ka nsapato, ankachilemba kunsi tsiku lomwe achimaliza. Mnyamatayo anagwada pa utuchi, nalowetsa mutu pansi pa tebulo. Munali mdima, ndiye anayatsa tochi ya pa foni. Pa thabwa lapakati panali pensulo yonenepa ija, manambala opendekera.

21 Epulo 2022.