Kadontho ka Ambrose pa Mpope wa ku Yofu

Thanki inaumanso Zodwa atayendetsa kompyuta kachitatu. Ife a komiti ya madzi tinali m'kalasi ku Yofu, tikuyang'ana timadontho tikuyenda pagalasi kulowera kumpope. Kadontho kalikonse kanali munthu wa m'mudzi mwathu.

Zodwa, injiniya wobadwira ku Bulawayo koma mdzukulu wa pachilumba pano, anafotokoza kuti makinawo amayerekeza zaka masauzande: china cha mitambo pamene makina a sola sakoka bwino madzi, china cha maliro otsatizana. Kenako amawerenga kuti thanki yauma kangati. Masamu oterewa ndinawalawako kusukulu ya madzulo, choncho ndinkamutsatira, ngakhale pang'onopang'ono. Thanki yokwanira anthu onsewo inaposa imene bungwe lotithandiza likanatha kumanga, ndipo ntchitoyo ikanasamukira kumudzi wa Khuyu.

Chinamudabwitsa n'chakuti timadonthoto tinachuluka kuposa anthu amene ankakumana nawo m'njira. Ndinamufotokozera chifukwa chake. Kwathu kuno ukafunsa kuti pakhomo pali angati, amawerenga ndi a ku Joni omwe. Munthu sachotsedwa asanaikidwe m'manda.

Tinayenda khomo ndi khomo kupempha kuti amene anachoka kalekale tiwachotse pachiwerengero. Ambiri anaseka n'kuvomera. Tinathera kwa mlongo wanga Phyllis, amene mwamuna wake Ambrose anakwera sitima ana awo awiri ali aang'ono, osamvekanso. Tinamupeza akusenda chinangwa pakhonde.

"Achimwene, mwabwera ndi mlendo kudzandiphera mwamuna?" anatero.

Ndinati nkhaniyi ndi ya madzi chabe. Sanandiyang'ane n'komwe.

Zodwa anakhala pamphasa n'kutsegula kompyuta. "Mayi, makinawa safuna inde kapena ayi. Mwa zaka zana, ndi zingati zimene bambowo angapezeke pakhomo pano?"

Phyllis anasenda mpaka kumaliza chimene chinali m'manja.

"Ikani chimodzi."

Zodwa anayendetsa pomwepo. Zaka zinkadutsa mothamanga, ndipo madzi m'thanki yaing'ono ija ankatsika n'kukweranso osafika pansi. Ananena motsitsa kuti ntchito yatsala ku Yofu. Mlongo wanga sanamve. Maso ake anali pakanyumba kake pagalasipo, pamene pankatuluka timadontho titatu, titatu, titatu.

Kenako panatuluka timadontho tinayi.

"Imitsani pomwepo," anatero, akuika mpeni pansi.

Anapukuta manja pachitenje, n'kusendeza nkhope pafupi.

"Ndi yemweyo. Akupita kumpope opanda ndowa."