Chitseko cha Fanuelo m'matope a Chilwa

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa ndinatsala ndi ng'ombe imodzi yokha, Nachisale, ndipo inali ndi bere. Zinzake zonse zinapita ndi chilala. Tsiku lina m'mawa inatsata fungo la madzi kulowera cha ku chilumba cha Chisi, kumene nyanja inathawira. Pamwamba dothi linali louma ndi long'aluka, koma pansi pake panali phala lokhalokha. Ndinaipeza itatitimira mpaka m'mimba, mutu uli m'mwamba, ikulira. Mtima unandisweka.

Kuchokera pouma kukafika pamene inali panali mamita ngati makumi atatu. Chingwe tinali nacho, anthu okoka analipo. Vuto linali loti ndani akachimange. Ndinayesa ine, ndipo nditangoponda kasanu matope anandifika m'ntchafu, anzanga n'kundizula ngati chinangwa.

Tinagwirizana zotuma munthu wopepuka. Enoki, mnzathu wolima naye mpunga, ndi woonda moti mphepo ya mwera ikamawomba timamugwira malaya. Ndine ndinamulangiza kuti ayende monyang'ama, chala chokha pansi, kuti matope asamumve. Anamira msanga kuposa ine.

Apa mutu wanga unaima. Ine wamakilo 80 ndinaponda kasanu, iye wamakilo 50 katatu kokha. Ena anayamba kunong'ona kuti pamalopo pali zina zake.

Ndiye kunafika mlamu wanga Veronica, mng'ono wake wa mkazi wanga, amene amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ya ku Songani. Anabwera kwathu ku holide. Anatiyang'ana tili mbuu ndi matope, n'kuseka.

"Alamu, ndani wawauza a Enoki kuti anyang'ame?"

"Ndine. Nanga si kuti apepuke?"

"Munthu amapepuka chifukwa choimira chala? Kakwereni sikelo ya mpunga mwendo umodzi muone ngati isinthe."

Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Ng'ombe yanga ikufa, iye akutsegula kalasi! Ndinapsa mtima, koma ndinalibe nzeru ina, choncho ndinagwada n'kumayang'ana.

Anati makilo anga 80 tikachulukitsa ndi 10, ndimakanikiza nthaka ndi mphamvu yokwana manyutoni 800. Mapazi anga awiri akuti amatenga malo okwana masikweya sentimita 400. Kugawa 800 ndi 400, yankho 2. Imeneyo ndiyo pulesha, anatero, kulemera kumene kagawo kalikonse ka dothi kamasenza. Enoki anali ndi manyutoni 500 okha, koma zala zimene anaimirazo n'zamasikweya sentimita 50. Yankho 10.

"Ndiye ukuti Enoki amalemera kasanu kuposa ine?"

"Ayi, alamu."

"Nanga 10 ndi 2 wamkulu ndani?"

"Ndi 10, koma si kulemera kumeneko. Kazuleni chitseko cha nyumba."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Chitseko chathu n'chamlombwa, makilo 20 osachepera. Ine ndikumira chifukwa cholemera, iye akuti ndiwonjezere katundu. Analembanso: ine ndi chitseko makilo 100, manyutoni 1,000, chitseko sentimita 200 m'litali ndi 80 m'lifupi, masikweya sentimita 16,000. Yankho linatuluka kanthu koyamba ndi ziro ndi kadontho.

"Ziro? Ndiye kuti ndikakwera chitseko ndasowa?"

"Simusowa. Thamangani, taonani ng'ombe ija."

Ndinacheuka. Matope anali atafika pamsana, ndipo kulira inali itasiya. Sindinafunsenso. Ndinathamangira kunyumba n'kuzula chitseko, mkazi wanga Grace akufuula kumbuyo kuti, "A Fanuelo, mwapenga!"

Tinachigoneka pamatope. Ndinagonapo chafufumimba, chingwe m'chiuno, mphasa ziwiri kumsana, ndikuyembekeza kuti tsopano ndimira ndi chitseko chomwe. Sichinamire. Ndinakankha ndi nsungwi, chinatsetsereka pang'onopang'ono, ine ndikupemphera ndi kutukwana masamu nthawi imodzi. Ndinafika. Nachisale anandipumira kumaso, mpweya wofunda, ndipo misozi inandilengeza.

Ndinakumba ndi manja kuzungulira chifuwa chake, ndinapisa chingwe kuseri kwa miyendo yakutsogolo, ndinamanga. Anthu anakoka. Inkatukula mwendo, mwendo n'kubwereranso pansi, pakuti inalibe popondera.

"Ipatseni chitsekocho!" Veronica anakuwa. "Inu gonani pamphasa, tambasulani manja ndi miyendo!"

Tsopano ndisiye chinthu chokhacho chimene chikundisunga? Ndinayang'ana ng'ombe, ndinayang'ana kumtunda, ndinagubudukira pamphasa ngati chule. Ndinakankhira chitseko pansi pa khosi lake. Anakokanso, miyendo yakutsogolo inagunda thabwa, chifuwa chinakwera, ndipo matope anailavula ndi phokoso lonyansa. Anaikoka chogona pachitsekopo mpaka pouma. Patapita kanthawi inadzuka, miyendo ikunjenjemera.

Chimwemwe chinandiiwalitsa zonse. Ndinadzambatuka, n'kutsika pamphasa, manja m'mwamba. Ndinamira mpaka m'chiuno. Anachita kunditumizira chitseko chomwecho ndi Enoki, amene ulendo uno sanayende monyang'ama.

Madzulo ake Veronica anayesanso kundifotokozera, ndi lichero ndi singano, ndi mbale ya ufa. Ndinkangovomera. Ndinamufunsa kuti makilo anga aja anapita kuti pamene ndinali pachitseko. Anati sanapite kulikonse, anangogawana. Ndinafunsa kuti anagawana ndi yani. Anaika lichero pansi n'kupita kukathandiza mkulu wake kusenda maungu.

Nachisale anabereka patatha milungu itatu, kamwana kakakazi. Chitseko ndinachibwezera, ngakhale chinapindika ndipo sichitsekeka bwino. Grace amafuna kuti tikachipalitse kwa kalipentala, chifukwa ziboda zinasiyapo mikwingwirima iwiri yakuya. Ndinakana. Alendo akafunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndimayamba bwinobwino ndi manyutoni 800, ndikafika pogawa ndimasokonezeka, ndiye ndimangowatengera kukhola kuti akaone ng'ombe ziwiri.