Mboni Yachiwiri

"Tseka chitseko, mwanangu," anatero loya wamkulu osadzutsa mutu.

Mtsikanayo anatseka. Anzake a kusukulu ya zamalamulo ankamutcha Mlaliki chifukwa sankalowa m'chipinda cha mayeso asanaweramitse mutu, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka mu ofesi muno, momwe anali atatha chaka chathunthu akuphunzira ntchito. Linali Lachiwiri. Lachisanu iye ndi anzake khumi ndi anayi amayenera kukaima pamaso pa jaji m'khoti lalikulu kuti akalumbire kukhala maloya. Koma munthu salumbira yekha. Loya amene wamuphunzitsa ntchito amaimirira n'kuuza khoti kuti uyu ndamuona, ndi woyenera. Popanda mawu amenewo dzina limadumphidwa.

Pakhoma kumbuyo kwa abwana panali ziphaso zisanu m'magalasi, ndipo pakati pake anali atakhomapo kale msomali wopanda kanthu. Mwezi wotsatira bungwe la maloya linkayenera kuwapatsa ulemu wa zaka makumi atatu za ntchito yopanda banga.

Anamukankhira pepala. "Pali kamzere kopanda kanthu m'munsimo. Mboni yachiwiri."

Mlaliki anawerenga. Inali wilo ya bambo wina wa sitolo ya zitsulo amene anamwalira sabata yapitayo. Nyumba ndi sitolo zonse zinkapita kwa mchimwene wake wa malemuyo. Mkazi ndi ana atatu sanatchulidwe paliponse. Tsiku lolembedwa pamwamba linali la miyezi itatu m'mbuyomo, ndipo mboni yoyamba anali abwanawo.

"Bwana, ine sindinawaone bambowa akusaina."

"Unali m'chipinda chinacho ukufotokopa. Khoma lokha ndi limene linatilekanitsa."

"Koma anabweradi?"

Abwana anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya tayi. "Mafunso otero uzidzafunsa mboni m'khoti ukadzalumbira. Ngati udzalumbire." Anamwetulira. "Amayi ako afika liti?"

"Mawa."

"Ndiye usawavutitse ulendo wautali pachabe. Tenga pepalali ukalipempherere, paja ndiwe Mlaliki. Ndilipeze pano Lachinayi m'mawa."

Atatuluka anapeza mayi wina wovala zakuda atakhala pabenchi ya alendo, atafumbatira jumbo ya mapepala pamiyendo. Anali mkazi wa malemuyo. Anamugwira Mlaliki m'mphepete mwa siketi.

"Mwanangu, alamu anga akuti kuno kuli wilo. Zoona? Zaka makumi awiri amuna anga sanandibisirepo kanthu, ngakhale dzino likawawawa."

"Dikirani abwana, mayi," anayankha Mlaliki.

Asekilitale, mayi wachikulire amene anakalambira mu ofesimo, anamukodola ali kuseri kwa kompyuta yawo.

"Nkhope yachita phulusa bwanji? Waona mzukwa masanasana?" Anaona pepala lija ndipo anatsitsa mawu. "Saina, mwanawe. Kunali wina kuno, wanzeru kukuposa iwe, anakana zoterezi. Ukadutsa pa positi ofesi umuone, amalembera anthu makalata pakatebulo panja. Mulungu amadziwa kuti ndife ofooka."

"Amadziwanso kuwerenga siginecha, amayi."

"Ndiye ukamuuze Mulunguyo akakuimirire Lachisanu," anatero asekilitale, koma sanaseke.

Amayi a Mlaliki anafika Lachitatu masana, mapazi atatupa ndi basi, diresi latsopano lili m'pepala kuti lisadetsedwe. Sanapume n'komwe. Anayala bulangete patebulo n'kuyamba kusita mkanjo wakuda wa mwana wawo, akung'ung'udza nyimbo ya kukwaya, ija ankaimba pochapa zovala za anthu zaka zonse zimene mwanayo anali pasukulu.

"Abusa alengeza dzina lako kutchalitchi kawiri," anatero. "Azakhali ako akuti ukayambe ndi mlandu wa mbuzi zawo, asakudyere ena."

Mlaliki anaika pepala lija pambali pa mkanjowo n'kuwafotokozera zonse. Nyimbo inatha. Amayiwo anaimika simbi n'kukhala pansi.

"Ukakana, adzakulumbiritsa liti?"

"Mwina chaka chamawa. Mwina ayi ndithu. Abwanawa amadya ndi aliyense."

"Chaka chamawa," anabwereza amayiwo, akusisita bondo. "Ine ndikabwerera ndikanene chiyani? Kuti basi inasochera?" Milomo yawo inkagwedera ngati munthu wokangana ndi wina wosaoneka. Kenako anatenga dzanja lamanja la mwana wawo n'kulitembenuza. "Ine ndabwera kudzaona dzanja ili likukwezedwa pamaso pa Mulungu. Nanga likakhala kuti dzulo lake lachotsa denga pamutu pa ana amasiye, ndiziyang'ana kuti? Tiye tigwade. Ine mtima ukufuna usaine, ndiye uyambe kupempherera ineyo."

Lachinayi m'mawa Mlaliki anabweza pepalalo kamzere kali kopanda kanthu. Ankayembekezera mkuntho, koma abwana anangoliyang'ana n'kuliika m'faelo.

"Palibe kanthu, mwanangu. Tionana mawa kukhoti."

Kufatsa kumeneko n'kumene kunamuopsa. Ola lisanathe anaona faelo ija patebulo la asekilitale ili yotsegula. Kamzere kaja kanali katadzaza, ndi malembedwe amene iye ankawadziwa bwino.

"Usandiyang'ane choncho," anatero asekilitale, maso ali pakompyuta. "Kwatsala zaka ziwiri kuti ndipume. Ndili ndi zidzukulu zinayi pakhomo."

Lachisanu khoti linadzaza. Makolo anathinana m'mabenchi akumbuyo, fungo la mafuta onunkhira ndi la nsalu zatsopano lili thoo. Ophunzira khumi ndi asanu anakhala mzere umodzi m'mikanjo yawo, ndipo kutsogolo kwawo kunali maloya akuluakulu. Abwana analipo. Anatembenuka n'kumugwedezera mutu mwaulemu, ndipo mtima wa Mlaliki unayamba kuyembekezera zimene nzeru zake zinkakana.

Kalaliki wa khoti anayamba kuitana maina. Dzina likatchulidwa, loya ankaimirira, kunena mawu ake, ndipo kumbuyo mayi wina ankalephera kudzigwira mpaka msilikali wa pakhomo amuyang'ane. Dzina lachisanu ndi chiwiri linali la Mlaliki. Anaimirira.

Kutsogolo palibe anasuntha. Abwana ankatembenuza tsamba la kabuku kawo. Phokoso la fani ya kudenga linamveka ngati likuchokera m'mutu mwake.

Jaji, mayi wa imvi, anayang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndani akumuimira ameneyu?"

Apo m'pamene abwana anadzuka, pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa. "Olemekezeka, ndi chisoni chachikulu. Ndinamutenga ngati mwana wanga. Koma sabata ino mu ofesi mwanga mwatuluka nkhani yokhudza kukhulupirika kwake, ndipo chikumbumtima changa sichikundilola kuimirira."

M'mabenchi munadutsa kamphepo ka manong'onong'o. Mlaliki sanatembenuke, poopa kuona nkhope ya amayi ake.

Jaji anawayang'ana onse awiri, kenako analemba kanthu. "Mawu otere sangothera m'malere m'khoti muno. Aliyense wa inu alembe zimene zachitika, polumbira, zifike kwa kalaliki pofika Lolemba. Khalani pansi, mayi. Dzina lotsatira."

Anakhala. Anzake khumi ndi anayi anakweza manja, iye ake ali pamiyendo.

Panja anthu ankajambulitsa pamasitepe, maluwa ali m'manja. Abwana anamupeza m'khonde, anapatsa moni amayi ake ndi manja awiri, n'kuweramira kukhutu kwa mtsikanayo.

"Ulembe kuti unasokoneza mafaelo ndipo wapepesa. Chaka chamawa ndidzaimirira ndekha. Ukalemba zinazo, kumbukira kuti pepala lija lili ndi mboni ziwiri, iwe uli wekha. Ndipo woyamba kumangidwa sadzakhala ine, adzakhala gogo uja amakupangira tiyi."

Anapita, mkanjo ukukupiza m'mbuyo, anthu akuwapatukira.

Amayi ake anamuyandikira. Anangomutsatira pamene anatsika masitepe a kumbali n'kukaima pazenera la kalaliki.

"Lolembatu, chemwali," anatero kalaliki. "Pitani mukapume kaye, mukaganize."

"Ndikapita kunyumba ndikaganiza kwambiri. Ndipatseni mapepala."

Anakhala pabenchi ya m'khonde, faelo ili pabondo, n'kuyamba ndi Lachiwiri. Analemba za chitseko, za wilo, za tsiku labodza. Cholembera chinayenda bwino mpaka pamene chinafika pa Lachinayi, pa dzina la asekilitale. Apo chinaima. Anakumbukira m'mene mayiwo anamuphunzitsira kusoka mafaelo sabata yake yoyamba, ndi m'mene ankamubisira zolakwa zake kwa abwana.

"Amayi, pali munthu wabwino amene ndimupweteke."

"Wanena kuti anakakamizidwa?"

"Ndinena."

"Nena zonse. Ine ndiyamba kumupempherera pompano, iwe uzilemba."

Amayiwo anatseka maso. Mlaliki anapukuta misozi ndi mkono wa mkanjo kuti isadonthere papepala, n'kulemba dzinalo.