Mabedi Khumi ndi Anayi a Simbi

Nkhani imene yathera anthu malovu masiku ano ndi yoti Simbi, mtsikana uja ankasita zovala za anthu pakhonde mpaka dzina la simbi kumukanirira, wangofika kunja n'kupeza nyumba ya mabedi khumi ndi anayi. Eti khumi ndi anayi! Ena akuti wakwatiwa ndi mdala wina wolemera wopanda mano. Ena akuti ndi zamankhwala, chifukwa munthu sungachoke Lolemba ndi chikwama chakufa zipi, Lachisanu n'kumajambula bedi la mapilo asanu ndi mmodzi. Onsewa akungobwebweta. Sendezani mpando mumve mmene zinayendera, koma musakanene kuti mwamva kuno.

Simbi anapita kunja atalonjezedwa ntchito pa kampani yochapa ndi kusita nsalu za m'mahotela. Ntchitoyo inalipodi, kachipinda kogona antchito kanaliponso, koma zonse zinali zoyamba pa 1. Iye anafika kutatsala masiku asanu ndi anayi, chifukwa wogulitsa matikiti anamuuza kuti tsiku limenelo ndiye lotchipa. Simbitu akangomva mawu oti kutchipa, nzeru zonse zimathawira ku zidendene. Masiku otsalawo anayenera kukhala kwa amalume ake, amene anali atatha chaka m'dzikomo ndipo anali atangopeza kumene ntchito ya ulonda.

Amalumewo muwadziwiretu. Asanapite n'komwe kunja anali atachotsedwa ulonda katatu. Ulendo wachitatuwo akuba anazula geti limene ankalondera n'kupita nalo, iwo ali pampando mkonono uli pakati. Akubawo anachita kuwafunditsa jekete kuti angazizidwe.

Ndiye Simbi anatsika basi m'mawa, n'kuima pasiteshoni. Anaima, anaima, mpaka miyendo kuyamba kudandaula. Foni ya amalume inkangoitana. Ndalama zimene anali nazo zinali zoti ukangoyetsemula zatha, choncho ananyamula chikwama n'kuyamba kufunsa malo ogona otchipitsitsa. Chiyankhulo cha kumeneko ankachidziwa theka, theka linalo ankamalizira ndi manja.

Malo oyamba anamulozera ndi mayi wina wokolopa pasiteshonipo. Kunali kuchipinda chapansi, kopanda windo. Mwini wake anamuonetsa bedi limodzi n'kunena monyadira kuti amagonapo anthu atatu mosinthana, aliyense maola ake. Simbi anagwira matiresi. Anali ofunda ngati pachoka nkhuku yofungatira.

“Amene wachokapo ndani?” anafunsa.

“Wogulitsa nsomba. Koma usadandaule, wobwera pambuyo pako ndi wogulitsa sopo, ndiye zimafafanizana.”

Malo achiwiri anali bafa. Bafa lenileni, losambiramo lija, atayalamo bulangete, pilo ali kumpopi. Mtengo wake unali wabwino kwabasi. Vuto linali limodzi lokha: wina akafuna kusamba umadzuka, n'kudikira pakhomo utanyamula zofunda zako. M'nyumbamo munkakhala anthu khumi ndi mmodzi, ndipo mmodzi mwa iwo, anamuuziratu, amasamba akuimba nyimbo mpaka ndime yomaliza.

Pofika masana mvula inayamba. Simbi anathawira m'sitolo yoyamba imene inali yotsegula, pakati pa sitolo ya masofa ndi ya mafiriji. Kulowamo, mabedi okhaokha, ataandanda ngati m'chipatala cha anthu olemera. Limodzi linali pawindo lalikulu loyang'ana kumsewu, loyera mbee, mapilo mbwee. Anati angokhala m'mphepete pang'ono mvula ikate. Kenako anavula nsapato, poti bedi la eni sukwerapo ndi matope. Kenako anati angoyesa pilo mmodzi.

Atatsegula maso, kunja kwa galasi kunali nkhope zokhazokha. Amayi obereka ana, bambo wa njinga, ana asukulu mphuno zitakanikizika pagalasi, onse maambulera m'manja, onse akumuyang'ana iye. Pambali pake panaima kamdala kadazi, tepi yoyezera ili m'khosi. Anali mwini sitolo. Simbi anadzambatuka n'kuyamba kupepesa ndi pakamwa ndi manja omwe.

“Gona! Gonanso!” anatero mwini sitoloyo, akumukankhira papilo. “Mwezi wathunthu sindinagulitse kanthu. Iwe wagona maola atatu, matiresi atatu apita. Anthu akuti akufuna tulo ngati tako, tokhetsa dovu.”

Simbi anapukuta pakamwa mwamanyazi.

“Ukukhala kuti?” anafunsa mdalayo.

Simbi analoza chikwama chake.

Anagwirizana pomwepo. Simbi azikhala m'sitolomo ulere mpaka pa 1. Kuseri kunali chimbudzi, sinki ndi ketulo. Malipiro ake anali amodzi basi: kuyambira potsegula mpaka potseka azikhala ali m'tulo pawindopo, nkhope kumsewu, ndipo kapepala ka mtengo kolendewera kumutu kwa bedi asakakhudze.

Tsiku lotsatira zinthu zinavuta. Simbi anali atagona usiku wonse ngati mwana, ndiye kutacha tulo tinakana. Anatsinzina mwabodza, n'kumapuma mokweza. Gogo wina anaima pagalasi, anayang'anitsitsa, kenako anagogoda ndi ndodo.

“Zikope zikuphethira izo! Akutinamiza!”

Tsiku limenelo sipanagulidwe ngakhale pilo. Mwini sitolo anavula tepi m'khosi n'kuipinda pang'onopang'ono, mmene amachitira akakwiya. “Tulo tabodza sitigulitsa matiresi, mtsikana. Usiku ndi wako, chita nawo zimene ukufuna, koma kugona ayi. Tulo tako ndi ta sitolo.”

Ndiye Simbi, munthu wokhala pakati pa mabedi khumi ndi anayi, analetsedwa kugona usiku. Mwamwayi simbi yake yamagetsi anali atainyamula. Anasita nsalu zonse za pamabedi, zovundikira mapilo, makatani, mpaka tepi ya bwanayo inawongoka ngati rula. Kukacha ankangogwera pawindo ngati thumba, makasitomala n'kumalowa.

Cholakwa chake chinali chimodzi. Amayi ake anaimba foni akulira. “Mwanawe, amalume ako sakuyankha. Ukugona pati? Usandibise, mtima wanga ukudziwa mmene ulili.” Simbi, poopa kuti BP ya amayi ingakwere, anajambula mzere wonse wa mabedi n'kutumiza, atabisa bwinobwino timapepala ta mitengo. Amayiwo anawerenga mabediwo ndi chala kawiri, ndipo madzi a tiyi asanawire chithunzicho chinali chitafika kwa achibale onse, ngakhale aja anasiya kuyankhulana nawo pa nkhani ya poto.

Kutatsala masiku atatu kuti pa 1 pakwane, cha m'ma 10 koloko m'mawa, Simbi ali mkati mogwira ntchito yake, kunamveka kugogoda pagalasi. Go! Go! Go! Anatsegula diso limodzi. Amalume! Chikwama paphewa, patapata kumapazi, pilo wawo kukhwapa. Anali atazindikira msewuwo pachithunzi, chifukwa chikwangwani cha sitolo ya masofa chinkaonekera pawindo.

“Mwana wa mlongo wanga!” anafuula akulowa. “Iwe ndi munthu woipa. Mabedi onsewa wekha, amalume ako akugona pabenchi?”

“Amalume, munali kuti tsiku lija? Ndinaima pasiteshoni mpaka mapazi kutupa!”

“Ndinabwera ine. Ndinafika m'mamawa, basi yako isanafike. Ndinangokhala pampando kuti ndikudikire bwino.”

“Ndiye?”

“Ndiye anandidzutsa okolopa madzulo. Zakale zimenezo, tisakumbe. Ntchito yandithera dzana, ndi nyumba yomwe. Langa ndi liti pamenepa? Ndikufuna lakukhoma.”

Mwini sitolo anabwera akuthamanga, kufunsa kuti akudzutsa katundu wake ndani. Simbi anafotokoza mwamanyazi kuti awa ndi amalume, ndi mlonda, angochotsedwa kumene kachinayi.

“Chifukwa?”

“Kugona.”

Maso a mdala uja anawala ngati waona ndalama pansi. “Kanayi? Malo osiyanasiyana?” Anawazungulira amalumewo, kuwayeza ndi tepi m'litali ndi m'mimba. “Mtsikana, iwe ndi wophunzira chabe. Awa ndi akatswiri. Windo ndi limodzi, wogona ndi mmodzi. Tenga chikwama chako.”

Simbi anangoti kukamwa yasa. Masiku atatu okha! Anaganiza za bedi la wogulitsa nsomba, anaganiza za bafa ndi woimba wake. Anaima pakhomo chikwama m'manja, akuyang'ana amalume ake akukwera pabedi lake, kudzifunditsa nsalu imene anasita yekha.

“Usadandaule mwanawe,” anatero amalume akukonza pilo. “Ndikakhazikika ndidzakuitana.”

Anthu anasonkhana pagalasi. Amalume anatsinzina. Anatembenukira kumanja. Anatembenukira kumanzere. Anakanda mwendo. Patatha ola, maso ali gwa ngati a nsomba youma. Anapempha tiyi. Anayamba kubayibitsa ana asukulu. Anafunsa kasitomala wina kuti nsapato zakezo anagula kuti. Gogo wa ndodo uja anafika, anayang'ana, anapukusa mutu n'kumapita.

“Chikuchitika n'chiyani?” anakalipa mwini sitolo.

“Bwana, sizinandichitikirepo,” anatero amalume, thukuta lili kamukamu. “Ine tulo sindichita kuitana. Koma lero ndikati ndigone, mutu ukungowerenga mayina a anzanga a ku pulayimale.”

Mwini sitolo anamuitananso Simbi kuti agone pa bedi lina pafupi. Koma munthu ungagone mtima uli phaphapha, kwinaku amalume akukufunsa ngati mayi aja a pa chigayo anabwererana ndi amuna awo? Mdala uja anapinda tepi yake mpaka kumapeto.

“Ikamakwana 3 koloko wina asanagone, nonse panja. Banja lonse!”

Simbi anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali itadutsa 2. Anayang'ana amalume. Anakumbukira geti lija, anakumbukira mpando wa pasiteshoni, ndipo china chake chinamugunda m'mutu. Amalumewa chibadwire sanagonepo pa nthawi yogona. Ku maliro amagona, kutchalitchi amagona, pa ulonda ndiye osanena. Koma lero kugona ndiye inali ntchito, ndipo amalume ndi ntchito sizinayambe zamwerana madzi.

Anamukokera mwini sitolo kuseri, pafupi ndi ketulo.

“Bwana, ndikawagoneka amalumewa, ine ndikhala mpaka pa 1?”

“Ukhala.”

“Ndipo usiku ndizigona ngati munthu? Bedi losankha ndekha?”

“Ngakhale awiri. Fulumira!”

Simbi anatenga chipewa cha bwanayo pamsomali, anazula mtengo wa chokolopera, n'kupita nazo pawindo. Anawakhazika tsonga amalume, msana kumapilo, chipewa kumutu, mtengo m'manja. Kenako ananong'ona nkhope ili yoopsa.

“Amalume, zogona zija zatha. Bwana akuti kuli akuba akufuna kuba bedi limeneli lero lomwe. Akulembani ulonda. Chonde, chonde, musagone.”

Amalume anafufuma pachifuwa. “Ine? Kugona pa ntchito? Mwanawe, anthu amangondinamizira. Wakuba amene angayerekeze kufika pano adzaona chimene chinameta nkhanga mpa...”

Mawuwo sanathe. Mutu unapendekeka, chipewa chinatsikira pamphuno, mtengo unagwera pansi. Kenako mkonono. Abale, mkonono wake! Galasi linkanjenjemera. Wa sitolo ya mafiriji anatuluka kudzaona ngati firiji ina yawonongeka. Gogo wa ndodo anabwerera, anagogoda, anagogodanso mwamphamvu, amalume osaphethira n'komwe. Gogoyo analowa n'kugula matiresi awiri. Bambo wina anafunsa ngati bedilo likugulitsidwa pamodzi ndi mdala wamkononoyo, akuti mkazi wake amalongolola kwambiri, akufuna chomuphimba mawu.

Masiku atatu otsalawo Simbi anagona ngati mfumukazi, bedi lina lero, lina mawa. Ntchito yake inali imodzi: m'mawa uliwonse kupeka akuba atsopano. Mwini sitolo anayeserapo yekha tsiku lina, koma amalume anamuyang'ana n'kunena kuti bwanayu nkhope yake sikuoneka yoopa, ndipo anakhala maso mpaka Simbi atabwera kudzalumbira kuti waona anthu anayi ndi lole.

Pa 1 Simbi anasamukira ku kachipinda ka kampani. Bedi lake n'lopapatiza ngati thabwa lositirapo, moti akafuna kutembenuka amayamba wadzuka. Koma ndi lake, ndipo palibe amamuonerera. M'mawa uliwonse asanayatse simbi amaimba foni kusitolo: “Amalume, samalani, lero akuti abwera atavala ngati ansembe.” Asanadule, mkonono umakhala wayamba kale. Aka n'koyamba amalume kutha mwezi pa ntchito, mpaka awagulira yunifolomu.

Chatsala n'chimodzi. Amayi ake a Simbi sakudziwabe. Akumayenda ndi chithunzi chija paliponse, ndipo sabata yatha azakhali ake a Simbi agula matikiti anayi, awo ndi a ana awo atatu, pa tsiku lotchipa. Akuti mabedi khumi ndi anayi sangamagone anthu awiri ngati kulibe abale. Simbi wayamba kale kudutsa pa sitolo ya masofa ija, kumapereka moni kwa mwini wake, chifukwa azakhaliwo akakhala pampando sadzuka mpaka dzuwa kulowa. Nanga inuyo mukanakhala Simbi, mukanawaimbira amayi n'kuwauza zoona BP ikwere, kapena mukanayamba kufufuza kuti ana atatuwo angakwane m'sitolo iti?