Mchere Ukwera Mtsinje

Thamir, mchimwene wanga wa ku yunivesite ya ku Basra, anabwera kumunda ndi kompyuta yake m'khwapa, nkhope ikuwala ngati wapeza mkazi. Ndinkafuna andiuze chinthu chimodzi: chitseko cha ngalande ndizitsegula nthawi yanji kuti madzi amchere ochokera kunyanja asalowe m'mitengo yanga ya kanjedza. Masamba anali atayamba kale kupsa m'nsonga.

"Kale funso limenelo makina aakulu ankalitafuna mpaka mwezi kutha," anatero. "Tsopano ndaphunzitsa kapulogalamu kakang'ono. Sikawerenga dontho lililonse ayi. Kagwira makhotedwe ochepa chabe a madzi, ndipo kayankha tiyi asanazizire."

"Ndiye kakuposa iwe. Kafunse."

Tinakhala pamphasa pansi pa mtengo umene bambo anabzala. Pagalasi panatuluka mtsinje wathu wa Shatt al-Arab, wobiriwira, kenako utoto wofiira unayamba kukwawa kuchokera kumunsi. Wofiirawo ndiwo mchere.

"Yesa pakompyutapo kutsegula chitseko m'mamawa," ndinati.

Anadina. Kufiira.

"Nyanja ikaphwa."

Kufiira.

"Nanga akumtunda atatipatsako madzi a m'madamu mwawo?"

"Achuluke bwanji, achemwali?"

"Monga chaka chatha."

Kufiira kunachedwa pang'ono pokhota mtsinje, kenako kunafika ndithu pangalande yanga.

Tinayesa zambiri. Kankayankha msangamsanga ngati mwana wamwano. Thamir anasiya kumwetulira, thukuta likuyenderera m'kolala.

"Mwina kakunama," ndinati. "Pajatu wati kamadumpha zina."

"Ndinakayerekeza ndi makina aakulu. Kamaphonya pang'ono kwambiri."

"Ndiye zaka zonsezi umavutikira kuti uthenga wa maliro uzifika msanga?"

"Nidhal, usatero."

"Ndikufunsa, a dokotala."

Anatseka kompyuta. Anandiuza kuti akakaonetsa kwa akuluakulu a zamadzi, mwina akaona okha adzachita manyazi. Ndinamuyang'ana mpaka anagwetsa maso. Akuluakuluwo amamwa madzi a m'mabotolo.

"Chitsekocho ndikachisiya chotseka?" ndinafunsa.

"Mitengo ifa ndi ludzu chilimwe chino."

"Ndikatsegula?"

"Ipirirako. Koma nthaka ndiye yapita."

Ndinadzuka, ndinapinda mkanjo wanga n'kutsikira kungalande. Chitsulo cha chitseko chinali chotentha moti ndinachigwira ndi nsalu. Thamir anandikuwira kuti ndidikire ayesenso kamodzi. Ndinapotokola, madzi analowa, otuwa, akununkha nyanja.