Malo a Wendell Pamzere

Wendell ankasenda mbatata ya kachewere pang'onopang'ono, ataimirira pasinki m'khitchini mwa bambo ake. Mpeni unkaoneka ngati choseweretsa m'dzanja lake lalikulu. Dzanja lamanzere, lomwe linagwira mbatata, linali la dzanzi, moti mbatatayo inkangopulumuka n'kugwera m'madzi. Iye ankaitola n'kuyambiranso, osadandaula.

Mkazi wake Corinne analowa atanyamula thireyi ya buledi wa chimanga. Anaiika patebulo n'kumuyang'ana kwa kanthawi.

"Bambo a Renee, mbatata imeneyi tiidya chaka chino?"

"Yatsala pang'ono."

"Bweretsani ndikuthandizeni."

"Ayi, ndimaliza."

Corinne anasuzumira pazenera. Panja, bambo ake a Wendell, a Roscoe Haskew, ankatembenuza nthiti za nkhumba pamakala, utsi uli tolo. Anatsitsa mawu.

"Muwauza lero?"

Wendell anatenga mbatata ina.

Kwa zaka zoposa khumi Wendell ankasewera mpira wogundana uja, woponya ndi manja, m'timu yaikulu ya mumzindamo. Malo ake anali pamzere, chakumanzere, pakati pa zimphona zomwe ntchito yake ndi kutchinga woponya mpira kuti adani asamugwetse. Anthu a pamzere satchuka. Dzina lawo limamveka pokhapokha akalakwitsa. Zimenezi zinkamuyenera Wendell, chifukwa chibadwire sanali munthu wa mawu ambiri.

Mu Disembala, pamasewera omaliza, anagundana mitu ndi munthu wina ndipo mkono wake unazizira kuyambira paphewa mpaka kuzala. Dokotala wa timu atamujambula khosi anamuuza mosapsatira kuti akadzagundidwanso chomwecho, mkonowo sudzadzukanso, mwinanso ndi miyendo yomwe. Corinne ankadziwa. Akuluakulu a timu ankadziwa. A Roscoe okha ndi amene sankadziwa, ndipo miyezi inali kupita Wendell akungoti awauza mawa.

Tsikulo linali Lachisanu, kumapeto kwa Epulo, tsiku lachiwiri la chisankho, pamene matimu amasankha mosinthanasinthana anyamata ochokera m'makoleji. Chaka chilichonse a Roscoe ankatulutsa galimoto m'galaja, kuikamo TV ndi mipando, n'kuitana ana awo. Anayamba mwambowu chaka chomwe dzina la Wendell linatchulidwa pa TV yomweyo. Tsiku limenelo a Roscoe, munthu amene anagwira ntchito moyo wake wonse m'fakitale ya zitsulo osalirapo pagulu, analira ngati mwana.

Wendell atafika m'galaja ndi mbale ya mbatata, anapeza bambo ake atavala kale malaya a timu okhala ndi dzina la Haskew kumsana. Mng'ono wake Lionel anali atatambasula miyendo pampando, botolo la mowa lili pamimba. Pa TV amuna atatu ovala mataye ankakangana za zomwe timu ikusowa. Wina ankati ikusowa wothamanga wowakha mpira. Wina ankati kumbuyo n'kobowoka. Wachitatu anagogoda patebulo n'kunena kuti vuto ndi mzere, mzere wakalamba, makamaka kumanzere.

"Tamverani chitsiru ichi!" anakuwa a Roscoe, akuloza ndi foloko yowotchera nyama. "Akuti mzere wakalamba. Iyeyu anagundapo munthu chibadwire? Taonani khosilo, ngati la nkhuku yodwala chitopa."

"Tsabola wakale sawawa, Bambo," anatero Lionel. "Achimwenewa akamadzuka pampando mawondo amalira ngati chitseko cha tchalitchi. Ine ndimangodzidzimuka, kuyesa mapemphero ayamba."

"Iwe khala chete. Si iwe anakuchotsa m'timu ya kusekondale chifukwa chothawa mpira?"

"Sindinkathawa mpira ine. Ndinkathawa anthu amene ankaulondola."

Corinne anaseka. Ngakhale Wendell anamwetulira pang'ono, akukhala pampando wake wa pakona.

"Chomwe timu ino ikusowa ndi manja," anapitiriza a Roscoe. "Chaka chatha mwana wanga amatchinga mpaka woponyayo akanatha kumwa tiyi, kuwerenga nyuzi, kenako n'kuponya. Waponya bwinobwino, owakha aja mpira phuu pansi! Manja ngati apaka sopo. Ndiye munthu azidzanena za mzere? Wendell, tauza anthuwa."

"Amagwetsa ndithu," anatero Wendell.

"Mwamva? Mwini wake wanena."

"Mawu awiri athunthu," anatero Lionel. "Alamu, lembani tsiku la lero."

Chisankho chinayamba dzuwa likadali pamwamba pa madenga. Popeza timu yawo inali itachita moipa chaka chathacho, inali m'gulu la oyambirira kusankha. Matimu awiri anatchula anthu awo. A Roscoe ankawomba m'manja poona kuti mnyamata wowakha mpira amene iwo ankamufuna sanatengedwebe.

"Akutisiyira! Mulungu ndi wabwino, akutisiyira!"

Pamenepo foni ya Wendell inanjenjemera m'thumba. Ataona dzina, anadzuka mwakachetechete n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, komwe kunali mtengo wa maapozi utangoyamba maluwa.

"Wendell, ndine Mabry," anatero kochi wa mzere. Kumbuyo kwake kunkamveka phokoso la anthu ambiri ndi mafoni. "Uli poti tingayankhule?"

"Ndikumva, Kochi."

Wendell anadziwiratu. Timu yaulemu siilola kuti munthu amene waitumikira nthawi yaitali amvere pa TV kuti wolowa m'malo mwake wapezeka. Amamuimbira kaye, dzina lisanatchulidwe. Iye anali ataonapo anzake akulandira foni yotereyi, ndipo nthawi zonse ankayang'ana kumbali.

"Tikutenga mwana wa ku Dakota uja, Brandvold. Wa kumanzere. Ndimafuna umve kwa ine."

"Zikomo, Kochi."

"Sindinafune kuti zithe chonchi. Ukudziwa."

"Ndikudziwa."

Kochi anapuma mwamphamvu. "Pali kanthu kena. Titacheza naye mwezi watha, tinamufunsa kuti amaonera ndani. Anatchula iwe. Akuti kuyambira ali kupulayimale. Ndikutumizira nambala yake. Ukamuimbira n'kumulandira, zingamulimbitse mtima. Ukapanda kutero, palibe angakunene."

Foni itaduka, Wendell anaimabe pansi pa mtengowo. Ankayembekezera kuti akadzamva mawu amenewa mtima udzapepuka. Sunapepuke. Anamva fungo la udzu wongotchetcha kumene kwa aneba, fungo la bwalo m'mawa wa tsiku loyamba la zokonzekera.

Atabwerera m'galaja, Corinne anangomuyang'ana kumaso kamodzi n'kuika mbale yake pansi.

"Fulumira, ndi ife tsopano!" anatero a Roscoe, akumenya mpando wa pafupi nawo. "Khala apa. Uone manja akubwera."

Wendell anakhala pafupi ndi bambo ake. Anaona munthu wa suti akuyenda kupita pamaikolofoni, kakhadi kali m'manja. Anaona bambo ake atatsamira kutsogolo, milomo ikuyenda, akutchuliratu dzina la wowakha uja. Anafuna kuwagwira paphewa kuti awachenjeze.

Dzina linatchulidwa. Kiel Brandvold, wa pamzere, kumanzere.

TV inaonetsa chipinda chochezera cha kumudzi kwinakwake. Mnyamata wamkulu ngati chitseko, masaya ali psuu, anali ataphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Mayi wamfupi ankayesetsa kumukumbatira koma mikono sinkakwana. Mkulu wina wovala ovolosi anaima kumbuyo, akupukuta maso ndi chipewa.

Panja mafuta ankadontha pamakala.

"Aaa," anatero Lionel motsitsa. Nthabwala zinali zitamuthera.

A Roscoe anadzuka pang'onopang'ono. "Akuba," anatero. Kenako mawu anakwera. "Akuba opanda manyazi! Munthu wakupatsani mawondo, wakupatsani mapewa, wasewera chala chitathyoka, lero mukumutengera kamwana konunkha mkaka? Pamaso panga?"

"Bambo, khalani pansi, BP ija," anatero Corinne.

"Ndisiye, mwana wanga. BP yanga ndi anthu awa." Anatembenukira kwa Wendell, maso ali gwa. "Tamvera. Palibe chatha apa. Kusankhidwa si kusewera. Mu Julayi ukalowa m'bwalo, kamwanako ukakaonetse kuti kuno si kukoleji. Ukakagwetse tsiku loyamba, aliyense akuona. Mawondo akavuta, akubaye jakisoni ngati kale. Wamva?"

Wendell ankayang'ana pansi, pa banga la oyilo pasimenti.

"Ndipo akakuchotsa, matimu ndi ambiri. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Lionel, tapeza nambala ya ejenti wake uja, womupezera matimu. Aimbe kulikonse, ngakhale kozizira kwambiri, ngakhale kuchipululu. Zaka ziwiri zilimo m'thupi ili. Zitatu kumene."

Lionel anatulutsa foni, koma anangoigwira, akuyang'ana mkulu wake.

"Bambo," anayamba Corinne, "pali zimene simukuzi..."

Wendell anamugwira pabondo. Corinne anasiya.

"Pali chiyani?" anafunsa a Roscoe. "Mwayamba kale kumufooketsa? Ine mwana uyu ndinkamunyamula pagalimoto ndikuchokera kuntchito, maso ali ofiira ndi tulo, kupita naye kubwalo chipale chofewa chikufika m'mawondo. Mayi ake, Mulungu awasunge, ankachapa mayunifomu mpaka manja kusweka. Wa kwa Haskew sathawa ndewu. Sichoncho, Wendell? Tanena!"

Pa TV anali atayamba kale kukamba za timu ina. Wendell anakweza mutu. Anayang'ana bambo ake, imvi zawo, malaya otuwa ndi kuchapa omwe ankawalendewera m'mapewa. Anaona kuti akalamba, ndipo anamva chisoni chachikulu kuposa cha pansi pa mtengo chija.

"Bambo, khalani pansi," anatero.

Mwina chifukwa cha mmene anayankhulira, a Roscoe anakhala.

"Timu sinabe kanthu. Yasankha bwino. Ndikanakhala ine m'chipinda chawocho, ndikanatenga mwana yemweyo."

"Ukuti chiyani?"

"Khosi langa linawonongeka mu Disembala. Dokotala anati ndikagundidwanso, mundiyendetsa pa njinga ya olumala. Akuluakulu a timu akudziwa kuyambira nthawi imeneyo. Corinne akudziwa. Inu ndinkakuopani."

A Roscoe anatsegula pakamwa, koma Wendell anapitiriza. Mawu ankatuluka molemera, limodzilimodzi, ngati munthu akutsitsa njerwa m'galimoto.

"Sindinkaopa kuti mukalipa. Ndinkaopa nkhope imene mwapangayi. Kuyambira ndili mwana, mukandiona mumandifunsa kuti ndikulemera bwanji, ndagwetsa ndani, sabata yamawa tikumana ndi ndani. Ine ndinkayankha, n'kumasangalala, chifukwa pamenepo ndi pomwe inu ndi ine timakumana. Ndiye ndakhala ndikudzifunsa, mpira ukachoka, ndikabwera kuno Lamulungu, tidzakamba chiyani? Mudzandifunsa chiyani?"

"Wendell..." anatero a Roscoe. Mawu awo anali aang'ono.

"Ndisanamalize musandidule, Bambo, chifukwa ndikasiya sindiyambanso. Musaganize kuti ndatopa nawo mpirawu. Sindinatope. Ndikanakonda ndikanatopa. Mu Seputembala akadzalowa anzanga m'bwalo, ng'oma zikulira, ine ndili pampando ngati uno, sindikudziwa kuti ndidzapirira bwanji. Ndimafuna tsiku limenelo mudzakhale pafupi nane. Osati kukuwira TV, osati kutukwana mwana wa eni. Kungokhala."

Corinne ankalira mwakachetechete. Lionel anabweza foni m'thumba. A Roscoe anayang'ana manja awo, omwe anali pamawondo, akuda ndi makala.

Wendell anadzuka. Mawondo analira, ndipo palibe amene anaseka. Anatulutsa foni yake.

"Mwamuona mkulu wa ovolosi uja? Lero ndi tsiku lake, monga linalili lanu. Mwana wakeyo pano ali ndi mantha, ndikudziwa, chifukwa nanenso ndinali nawo, ndipo palibe anandiimbira. Ine ndimuimbira. Ndimuuza kuti malowo ndi ake, ndipo akafika ndimuonetsa zonse zimene ndikudziwa." Anapuma pang'ono. "Ndikufuna ndiimbire pompano, inu mukumva. Lionel, tachepetsa TV."