Wodandaula Ndine

Anzake pantchito ankamutcha Chipsera chifukwa cha mzere woyera umene unadula nsidze yake yakumanzere. Zaka khumi ndi zitatu m'mbuyomo, munthu wina wodwala misala anamugenda ndi njerwa pokwerera basi. Apolisi anamugwira munthuyo, Chipsera anakasokedwa kuchipatala, moyo n'kupitirira.

Tsiku lina bwana wake anamutuma ndi lole kukatula matumba a ufa kuchipatala cha odwala matenda amisala. Odwala anayi anabwera kudzatsitsa katunduyo mulole. Mmodzi, waimvi zake, anaima thumba lili paphewa n'kumuyang'anitsitsa.

"Achimwene, disolo limaona?"

"Limaona. Bwanji?"

"Ndine ndinakugendani. Pepani."

Namwino amene ankayang'anira odwalawo anakokera Chipsera pambali.

"Bambowa anali aphunzitsi, ndipo anachira kalekale," anatero namwinoyo. "Mankhwala amamwa osakakamizidwa. Koma khoti linati akhale kuno mpaka adzathe kuyankha mlandu. Adokotala alemba makalata atatu kuti munthu ali bwino. Kukhotiko kuli zii."

"Akanapita kundende?"

"Bwenzi atatuluka patangotha zaka ziwiri."

Chipsera atafika kunyumba n'kufotokoza, mkazi wake anaomba m'manja.

"Abambo a mwana, munthu anatsala pang'ono kukuchotsani diso. Lero mukufuna kumubereka kumsana?"

"Mayi a mwana, amene anakadandaula kupolisi ndine. Munthu akuwolera mmuja chifukwa cha chala chimene ndinadinda."

Kukhoti anapeza kalaliki atakhala kuseri kwa zenera la mawaya.

"Ndinu m'bale wake?"

"Ayi. Wodandaula ndine."

Kalaliki anakanda mutu. "Fayilo sikuoneka. Mubwere sabata yamawa."

Chipsera anabweradi, sabata yotsatiranso anabwera. Bwana wake anayamba kung'ung'udza, iye n'kumapempha anzake kuti azisinthana naye maulendo. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anavula jekete pazenera pomwepo.

"Akulu, ine kusenza ndi ntchito yanga. Tsegulani chipinda cha mafayilocho. Ine ndizinyamula makatoni, inu muziwerenga."

Kalaliki anaseka, koma anatenga makiyi. Anagwetsa fumbi mpaka dzuwa kupendeka. Fayilo anaipeza pansi pa mipando yothyoka, chiswe chitadya ngodya imodzi.

Loya wina wothandiza osauka anavomera kuitenga nkhaniyo. Panadutsa miyezi inayi, mlandu n'kulowa. Aphunzitsi anaima atavala malaya obwereka, ndipo mafunso onse anayankha molunjika. Kenako woweruza anatembenukira kwa Chipsera.

"Inu wodandaula, mukufuna chiyani?"

"Bwana, bala langa linapola pa milungu itatu. Awa akwanitsa zaka khumi ndi zitatu. Apite kwawo."

Woweruza analamula kuti atuluke, bola wachibale asaine kuti aziwaperekeza kukatenga mankhwala. Mlongo wa aphunzitsiwo, amene namwino anamupeza movutikira, anagwira cholembera nthawi yaitali.

"Nanga akadzayambiranso?"

"Mudzandiimbire, mayi," anatero Chipsera. "Njira ya kuchipatala ndikuidziwa." Mayiyo anasaina.

Chipsera anawatenga onse awiri palole. Asanapite patali, aphunzitsi anachita chizungulire, poti anali ataiwala kuyenda pagalimoto. Anatsika n'kusanza m'mbali mwa msewu. Mlongo wawo anawapukuta kukamwa ndi mpango wake.

"Tipume kaye pamthunzipo?" anafunsa Chipsera.

Aphunzitsi anakwera okha n'kutseka chitseko.

"Ndakhala pansi mokwanira, achimwene. Lizani galimoto."